Mapeleti amasankhidwa ngati fodya: malangizo kwa okonda kuwombera chandamale

Mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira ku Lilongwe, anabwera kutchuthi kuno ku Kasungu atanyamula nkhani. Malonje asanathe n'komwe anali atandipatsira kale foni. "Malume, taonani zimene akuchita anzathu kunjaku." Pa YouTube panali bambo wina wa ku America ali m'galaja, patebulo pali kasikelo, kamakina kachitsulo ka chogwirira chachitali, ndi zigoba zamkuwa zondandalikidwa ngati mazira m'thireyi. Ankadzidzazira yekha zipolopolo za mfuti yake. "Nanga ife, malume, sitingamapange zathu?"

Kumeneko ndi masewera akale ndithu. Chipolopolo cha mfuti ya onga chili ndi zinthu zinayi: chigoba chamkuwa, kapulayima koyatsa moto kumatako kwake, onga, ndi mutu umene umauluka. Mfuti ikalira zitatuzo zapita, chimatsala ndi chigoba, ndipo alenje ndi owombera chandamale a ku America ndi ku South Africa amachitola, kuchitsuka, kuchibwezera pa saizi yake n'kuchidzazanso. Ena amafika posandutsa chigoba cha mtundu wina kukhala cha mtundu winanso pochepetsa kapena kukulitsa khosi lake. Mitundu ingapo yotchuka inabadwa motero. 

Mphwangayo ndinamuyankha mosazungulira: kuno ayi. Mfuti ndi zipolopolo zili pansi pa lamulo la Firearms Act, ziphaso amapereka ndi apolisi, ndipo wodzaza zipolopolo pakhomo popanda chilolezo akudziitanira unyolo. Komanso ife a ku Kasungu tikudziwa kumene onga wosakaniza pamanja umathera: m'gogodera wa opha nyama mozemba, amene tsiku lina amatembenukira mwini wake n'kumusiya wopanda zala. Za kuyeza onga simuzipeza pano.

Koma ndinamufunsanso: bambo wa m'galajayo akuvutikiranji chonsecho masitolo ali nazo zipolopolo? Akufuna chipolopolo chilichonse chifanane ndi chinzake, kuti akawombera kakhumi mabowo onse khumi akumane pamalo amodzi. Chimenecho n'chotheka ndi mfuti yampweya, ija ya mapeleti (tizipolopolo ta mtovu), yopanda onga ngakhale pang'ono. Ine ndinagwirako ntchito yosankha fodya pa esiteti ina ya kuno, ndipo ntchito ziwirizi n'zapachibale: kupatula, kuyeza, kulemba, n'kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi. Nazi zimene tinachita naye tchuthi chonsecho.

1. Yambirani kupolisi, kenaka funani chulu

Musanagule, kapena ngati mwachita kulandira kwa m'bale wochokera ku Joni, pitani kupolisi ya pa Boma mukanene mtundu wa mfutiyo ndi mphamvu yake, akuuzeni zoyenera kuchita. Ikakhala pamapewa, munthu amene ali patali sangasiyanitse mfuti yampweya ndi ya onga, ndipo paroadblock ya pa M1 si pamalo poyambira kufotokoza. Poyenda nayo izikhala m'chikwama chake, yosakoka, mulibe peleti.

Kufupi ndi Kasungu National Park musayandikire nayo n'komwe. Chibwerereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, alonda a pakiyo sagona, ndipo lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 lili ndi zilango zofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu. Masewera athu ndi a pepala.

Tsono malo. Peleti lowomberedwa m'mwamba likhoza kupita kupitirira mamita 300, ndipo pafupi limaboola khungu, limaswa diso, nthawi zina limapha. Kumbuyo kwa chandamale kuyenera kukhala chinthu chomeza peleti. Mwayi wathu kuno ndi zulu zikuluzikulu zija za m'minda. Sankhani chulu chachitali kuposa munthu, kuseri kwake kopanda njira, chitsime kapena pomangirira mbuzi. Dothi la chulu likauma limalimba ngati simenti, choncho patsogolo pake sanjikizani matumba a feteleza atatu kapena anayi odzaza mchenga, n'kumata pepala pakatoni yotsamira matumbawo.

Khoma la njerwa, thabwa louma la mlombwa, tayala la galimoto, zonsezi ayi. Ndinaphunzira ndi mantha. Tsiku lina ndinakhomera pepala pakhoma la balani yakale ya fodya. Peleti linanjanja n'kukagogoda ndowa imene inali pambali panga, mayi akunyumba atangoisiya kumene. Sanalankhule zambiri. Anangoti, "Bambo, lero ndi ndowa." Kuyambira tsikulo ndi mchenga basi, ndiponso aliyense woima pafupi amavala magalasi otchinga maso, omwe aja oyera a ogaya zitsulo.

Yezani mtunda ndi tepi, osati ndi mapazi. Khomani zikhomo pa mamita 10, 15, 20, 25, 30 ndi 35. Ana ndi agalu akhale kumbuyo kwa wowombera, ndipo wina akapita kukaona pepala, mfuti igone pansi ili yothyola.

2. Mfutiyo iyambe yakhala bwino

Zambiri zimene zimapezeka kuno ndi zothyola pakati, za sipuling'i: Gamo ya ku Spain, Hatsan ya ku Turkey, zina za ku China, ndipo mwa apo ndi apo Diana kapena Weihrauch ya ku Germany ndi BSA yakale ya ku Birmingham imene inatsala m'manja mwa zidzukulu. Mukathyola mpope mumapanikiza sipuling'i. Mukakoka tiriga, kachitsulo kowombera ndi chala kaja, sipuling'iyo imakankha pisitoni, pisitoni imapana mpweya, mpweya n'kutulutsa peleti. Ziliponso zopopera mpweya m'kathanki mpaka ma bar 200, zija amati PCP, zosavuta kulasa nazo koma zodula. Malangizowa ndi a zothyolazo.

Kusankha mapeleti pa mfuti yogwedera kuli ngati kusankha fodya m'chigafa chodontha. Onani izi poyamba.

Masikuluwu ogwira thabwa ku chitsulo, awiri kutsogolo ndi a pafupi ndi tiriga, amamasuka okha chifukwa cha kugwedezeka. Mangani kuti agwire, koma osachita kukakamiza mpaka thabwa kulira. Mabowo akayamba kumwazika mwadzidzidzi, yambani mwakayikira masikuluwu musanakayikire china chilichonse.

Kalabala kozungulira ka pamene mumalowetsera peleti kakang'ambika, mpweya umathawa. Yalani kapepala kopyapyala pamwamba pa polumikizirapo n'kuwombera mumchenga. Kakauluka, kalabalako katha ntchito.

Zinthu ziwiri musachite. Musawombere mulibe peleti, chifukwa pisitoni imakamenya chitsulo popanda choiletsa. Ndipo musathire oyilo wa galimoto, wa makina osokera, kaya wophikira, m'kabowo kotulukira mpweya. Mpweya ukapanidwa mwamsanga umatentha kwambiri, oyiloyo amayaka monga amachitira dizilo mu injini ya chigayo. Mfuti imalira ngati yeniyeni, utsi n'kutuluka, anyamata n'kusangalala kuti yapeza mphamvu, chonsecho labala ya pisitoni ikupsa ndipo sipuling'i ikhoza kuthyoka. Mmenemo mumalowa dontho limodzi la oyilo wa silicone wopangira mfuti zotere, nalonso mwa kamodzikamodzi.

Mfuti yatsopano imafuna mapeleti mazana angapo kuti ikhazikike. Chitini choyamba chiwerengeni ngati sukulu.

3. Gulani mitundu ingapo, pang'onopang'ono

Saizi ya mpope yalembedwa pachitsulo: 4.5 mm, yomwe ndi .177, kapena 5.5 mm, yomwe ndi .22. Ya 4.5 imathamanga ndipo njira yake ndi yowongoka, ya 5.5 ndi yolemera, imagwa msanga. Pa pepala ine ndimakonda 4.5, ndiyonso ya mpikisano wa mamita 10 umene unalowa mu Olympics ku Los Angeles mu 1984. Kumeneko kadontho ka pakati pa chandamale ndi ka theka la milimita.

Peleti labwino lili ndi mutu, chiuno chowonda, ndi siketi yobowoka kumbuyo. Siketiyo ndi imene mpweya umatukumula kuti itseke mpope, ndiyonso imachititsa kuti mutu uzitsogola, monga nthenga pa muvi. Amutu wafulati amaboola pepala mozungulira bwino, abwino pa mamita 10. Amutu wozungulira ndiwo amalasa bwino patali. Osongoka aja amakopa maso m'sitolo, koma nsonga ikakhala pambali pang'ono chabe, peleti limayenda mokhotakhota. Ine ndinawasiya.

Pachitini pamalembedwa kulemera, kawirikawiri mu ma grain. Grain imodzi ndi magalamu 0.0648. JSB Exact ya 4.5 imalemera ma grain 8.44, kutanthauza magalamu 0.547; H&N Field Target Trophy ndi 8.64, JSB Exact Jumbo ya 5.5 ndi 15.89, kupitirira galamu imodzi pang'ono. Pansi pa zitini za makampani osamala pamakhalanso kapepala konena kukula kwa mutu: 4.50, 4.51, 4.52. Kusiyanako n'kochepa kuposa tsitsi, koma mpope umakumva.

Apa ndiye pagona nkhani. Mfuti ziwiri za kampani imodzi, zotuluka tsiku limodzi, zikhoza kukonda mapeleti osiyana. Mnzanu sangakusankhireni, wogulitsanso sangathe. Choncho musagule zitini zisanu za mtundu umodzi. Gwirizanani anthu atatu kapena anayi, aliyense agule mtundu wake ku Lilongwe kapena aitanitse kunja, mugawane 50 aliyense. Mukapeza umene mfuti yanu yakonda, ndiye gulani wambiri, makamaka wa nambala imodzi ya pakapepala kaja.

Liwiro lolembedwa pakatoni ya mfuti lisakunyengeni. Amaliyeza ndi timapeleti topepuka kwambiri. Kunonso tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopyapyala, ndipo mfuti ya sipuling'i imatsika mphamvu pang'ono. Palibe chodandaula. Peleti likayandikira liwiro la phokoso, pafupifupi mamita 340 pa sekondi, limayamba kupepesuka. Limalasa bwino likamayenda cha m'ma 240 mpaka 280. Mfuti yanu ikamalira ngati chikwapu, ipatseni mapeleti olemerako.

4. Kusankha

Khalani pamthunzi wowala bwino, nthawi imene mulibe phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mufunika nsalu yakale, beseni laling'ono losadyeramo, thireyi ya mazira, galasi lafulati ngati la pawindo, ndi kasikelo ka batire koyeza mpaka magalamu 0.01, kofanana ndi ka ogula golide.

Yambani ndi kutsuka. Thirani mapeleti mofatsa m'madzi ofunda a sopo pang'ono, zunguzani ndi dzanja mosakhuthula mwamphamvu. Muona tizidutswa ta mtovu tatsalira pansi pa beseni. Timeneto tikanakamata mu mpope. Tsukuluzani, yalani pansalu, aume mpaka m'kati mwa siketi. Madziwo katayeni kudzenje, kutali ndi dimba ndi chitsime.

Kenaka kuyang'ana limodzilimodzi, monga timachitira ndi tsamba la fodya. Tembenuzani peleti muone siketi. Yopindika, yophwanyika mbali imodzi, yong'ambika, ikani pambali. Onani mutu ngati uli ndi chipsera kapena mzere wotukuka wa pamene chikombole chinakumana. Chitini chimene chayenda pa basi kuchokera ku Johannesburg chimakhala ndi opindika ambiri, makamaka a m'mbali. Otayikawa musawataye, ndi otenthetsera mfuti ndi ophunzitsira alendo. Amene amayesa kuwongola siketi ndi nsonga ya bolopeni akhoza kutero, koma ine peleti lowongoledwa sindiliika m'gulu la mayeso.

Tsopano sikelo. Iikeni patebulo losagwedera, kopanda mphepo, chifukwa ngakhale mpweya wa m'mphuno umasintha nambala. Yezani limodzilimodzi n'kuponya m'chibowo cha thireyi molingana ndi kulemera kwake: a 0.54 apa, a 0.55 apa, a 0.56 apo. Mphwanga ankati tikusewera bawo. Mukatha 100 muona ambiri aunjikana m'zibowo ziwiri zapakati, ochepa ali kumapeto. Apakatiwo ndiwo fodya wa giredi yoyamba, wopita kumsika wa fodya wa ku Chinkhoma. Thireyiyo isabwererenso ku mazira.

Pali yeso lina losafuna ndalama. Pendeketsani galasi lija pang'ono, ikani peleti chogona pamalo amodzi omwewo, lisiyeni ligubuduke. Popeza siketi ndi yaikulu kuposa mutu, limayenda mokhota ngati uta. Ofanana amakathera pamalo amodzi. Losiyana mutu kapena siketi limapatuka. Ndi yeso lochedwa, koma limagwira zimene sikelo singaone.

Ndinene zoona pano. Pa mamita 10 kapena 15, kuyeza kulemera sikusintha zambiri, ndipo amene angakuuzeni kuti kwamusandutsa katswiri akukokomeza. Phindu lake limayamba kuoneka cha pa mamita 30 kupita kutsogolo, pamene peleti lolemerako limagwera m'munsi mwa anzake. Chachikulu ndi mtundu woyenera mpope wanu, chachiwiri ndi kuchotsa opindika, sikelo imabwera pachitatu. Ndimayezabe chifukwa ndikaphonya ndimafuna kudziwa kuti wolakwa ndine, osati peleti.

Za mtovu: ndi poizoni, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Chizolowezi chosunga mapeleti m'kamwa powombera, chimene ambirife tinachiona tili ana, chithe. Musadye kapena kusuta muli pantchitoyi, ndipo mukamaliza sambani m'manja ndi sopo. Nkhuku zimatola chilichonse chonyezimira, ndiye kawiri pachaka sefani mchenga wa m'matumba aja, mtovuwo muusunge m'botolo lotseka.

5. Kagwiridwe, pamene ambiri amagwera

Pothyola, tsamiritsani thako la mfuti pantchafu, kokani mpope mpaka mumve kuti wagwira, ndipo musausiye. Dzanja limodzi ligwirebe mpope pamene linalo likulowetsa peleti. Zikachitika kuti china chapulumuka, mpope umabwerera mwamphamvu ndipo umadula chala. Chala chisayandikire tiriga mpaka mutaloza chandamale. Lowetsani peleti mofanana nthawi zonse, siketi ilingane ndi pakamwa pa bowo. Mfuti yokoka musaisiye nthawi yaitali. Ngati mwaleka kuwombera, tulutsirani mumchenga.

Mfuti ya sipuling'i ili ndi khalidwe lachilendo. Imagwedezeka peleti lisanatuluke: pisitoni ikamathamangira kutsogolo mfuti imabwerera m'mbuyo, pisitoni ikaima mfuti imalumphira kutsogolo, ndipo nthawi yonseyi peleti likadali mu mpope. Mukaigwira zolimba lero, mawa mofewa, mabowo adzakhala malo awiri. Mankhwala ake ndi kuilola igwedezeke mmene ikufunira, mofanana nthawi iliyonse. Mlembi wina wa za mfuti zampweya ku America, Tom Gaylord, ndiye anatchukitsa kagwiridwe kameneka ndi dzina loti artillery hold, poyerekeza ndi mzinga umene umabwerera momasuka pa chonyamulira chake.

Khalani pampando, patebulo lolimba. Ikani thumba la mchenga kapena la madeya patebulopo. Dzanja lamanzere ligone pathumba, chikhatho chotambasula, mfuti igone pachikhathocho, osati pathumba penipeni, ndipo zala zisaifumbate. Pezani pamene mfuti imakhazikika, kawirikawiri patsogolo pang'ono pa tiriga, n'kumatapo kaselotepi kuti dzanja lizibwerera pomwepo. Thako la mfuti lingokhudza phewa. Tsaya ligone pathabwa mopepuka ngati mukumvetsera mtima wa khanda.

Pumani, tulutsani mpweya theka, imani. Finyani tiriga pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala, molunjika kumbuyo, mpaka mfuti ilire ngati yakudzidzimutsani. Ikalira musadzutse mutu. Pitirizani kuyang'ana chandamale masekondi awiri. Mphwanga ankathamangira kusuzumira pepala, ndipo mabowo ake ankatsikira kumunsi. Atasiya, anabwera pamodzi tsiku lomwelo.

6. Mayeso ndi kope

Nthawi yabwino ndi mbandakucha dzuwa litangotuluka, kapena madzulo mphepo itagona. M'miyezi ya June, July ndi August mwera umawomba masana onse pachigwa chathuchi, ndipo peleti la theka la galamu silingalimbane nawo. Mu October ndi akamvuluvulu ndi kunyezimira kwa dothi lotentha. Mangani kansalu kopepuka pakamtengo pakati pa inu ndi chandamale, muziwombera kansaluko kakagona.

Jambulani timadontho takuda tingapo papepala lolimba, kalikonse kukula ngati njere ya nandolo. Imani pa mamita 20. Pa mayesowa zilibe kanthu kuti mabowo akugwera pa kadontho kapena pambali. Chimene tikufuna ndi kuyandikana kwawo. Musakhudze sikopu, galasi lolozera lija la pamwamba pa mfuti.

Mukasintha mtundu wa mapeleti, yambani mwawombera 15 kapena 20 mumchenga. Mtundu uliwonse umapaka mtovu wake mu mpope, ndipo oyambirira amayenda pa mtovu wa mnzake. Kenaka womberani 10 pa kadontho kamodzi. Atatu sakwanira, atatu akhoza kukumana mwamwayi ngati anthu pamsika wa Santhe. Yezani ndi rula kuchokera kunja kwa bowo lakutali mpaka kunja kwa linzake la mbali inayo, n'kuchotsapo saizi ya peleti. Mwachitsanzo, mwapeza mamilimita 22 ndi mapeleti a 4.5, ndiye kuti gulu lanu ndi la 17.5.

Lembani m'kope, pomwepo, osati madzulo: tsiku, nthawi, mtunda, mtundu wa peleti, kulemera, kukula kwa mutu, mphepo, ndi kukula kwa gulu. Lija lathawira patali musalibise. Ngati mukudziwa kuti munagwedeza ndinu, lembani choncho. Ngati simukudziwa, liwerengeni. Bwerezani masiku atatu osiyana, mukusintha mtundu woyambira, chifukwa mkono umatopa ndipo womalizira amaoneka woipa nthawi zonse. Tsiku limene mwasintha peleti musasinthenso kagwiridwe kapena kumanga masikuluwu, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Maonekedwe a gulu amalankhula. Likatalika chokwera ndi chotsika, kayikirani kupuma kwanu, malo a dzanja, kapena kalabala kothawitsa mpweya. Likatalika cham'mbali, ndi mphepo kapena chala chokoka tiriga mokhota. Likamwazika paliponse, ndi masikuluwu kapena peleti limene mpope walikana. Kwa ine, mfuti wamba yothyola ikaika 10 pansi pa chitsekerero cha botolo la Fanta pa mamita 25, yagwira ntchito, ndipo mwini wakenso wagwira.

7. Tsopano sunthani gulu lifike pa kadontho

Izi zimabwera pomaliza, peleti litapezeka, chifukwa mtundu uliwonse umagwera pake.

Ngati mukugwiritsa ntchito maso achitsulo a mfuti, sunthani diso lakumbuyo kupita kumene mukufuna mabowo apite. Ali kumunsi, likwezeni. Ali kumanzere, lipititseni kumanja.

Ngati ndi sikopu, iyenera kukhala yopangira mfuti za sipuling'i. Kugwedezeka kwa mbali ziwiri kuja kumaphwanya magalasi a sikopu zambiri, ngakhale zina zimene zimapirira pa mfuti za onga. Kumachititsanso sikopu kutsetserekera kumbuyo, choncho kachikhomo ka pansi pa chomangira sikopuyo kalowe m'bowo lake. Lembani mzere wa pensulo pachitsulo kuti muziona ngati yasuntha.

Pa sikopu zambiri palembedwa 1/4 MOA. Kulira kumodzi kwa kagudumu kumasuntha bowo pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100. Pa mamita 25 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, pafupifupi 1.8, pa mamita 10 ndi 0.7 chabe, n'chifukwa chake ambiri amati sikopu yafa pamene angoipotokola katatu. Pezani pakati pa gulu lanu, yezani kuchokera pamenepo kufika pa kadontho. Ngati lili mamilimita 18 kumunsi pa mamita 25, potokolani ka 10 kulowera kolembedwa UP. Womberani asanu, yezaninso. Musathamangitse bowo limodzilimodzi. Zina zalembedwa 1 cm pa 100 m. Pamenepo kulira kumodzi ndi mamilimita 2.5 pa mamita 25. Kagudumu kokweza kakafika pamapeto mabowo akadali kumunsi, mpope wa mfutiyo ndi woweramira pansi, matenda ofala pa zothyola. Pamafunika chomangira chopendekeka chokonzera zimenezo, osati kukakamiza kagudumu.

Mukakhazikitsa pa 25, musakhudzenso. Bwererani pa zikhomo zija, womberani asanu pa mamita 10, 15, 20, 30 ndi 35, mukuloza pakati nthawi zonse. Popeza sikopu ili pamwamba pa mpope ndi masentimita anayi kapena asanu, pafupi kwambiri mabowo amagwera kumunsi, kenaka amakwera kufika pa mzere wa diso, n'kuyambanso kugwa, ndipo akapitirira 30 amagwa mofulumira. Lembani manambalawo pakapepala, mumate pathabwa la mfuti. Kapepalako ndi ka mfuti imeneyo ndi peleti limenelo basi.

8. Posunga

Mpope wa mfuti yampweya sufuna kutsukidwa pafupipafupi, mulibe mwaye wa onga. Tsukani pokhapokha magulu akayamba kukula popanda chifukwa. Pindani ulusi wokhuthala wa mbedza, lowetsani kuchokera kutsogolo mpaka utulukire kolowetsera peleti, kolekani kansalu kathonje kouma, kokani molunjika kuti ulusi usakhule m'mphepete mwa kamwa la mpope. Bwerezani mpaka kansalu katuluke kotuwa pang'ono. Waya, sipoko ya njinga ndi bulashi yachitsulo zisalowemo. Mukatsuka mfuti ifunanso mapeleti 20 kuti ibwerere mwakale.

Kunja kwa chitsulo pukutani ndi kansalu ka oyilo pang'ono mukangomaliza, makamaka nyengo ya dzinja, poti thukuta la m'manja limabala dzimbiri usiku umodzi. Musaitsamiritse pakhoma la dothi, chiswe sichisankha thabwa. Ikhale mokiya, mapeleti akhale kwina, makiyi ali ndi inu. Mphwanga anabwerera ku Lilongwe ndi kope lake lodzaza masamba asanu ndi limodzi, koma mfuti inatsala kuno, ndipo ndinamuuza kuti akabwera pa Khirisimasi adzatenge mabatire a kasikelo, ang'onoang'ono aja, chifukwa pa Boma ndinawasowa.